Masekondi 8 autsa mapiri pachigwa ku Chanyanya

Chiyambire pa 1 July 2025, goloboyi akafumbata mpira kupitirira masekondi 8, timu inayo imamenya kona. Okonda mpira m'tauni ya Kafue adalizolowera msanga lamuloli chifukwa amaliona pa kanema sabata iliyonse. Pamabwalo a fumbi nkhani ndi ina. Kumeneko lamulo latsopano limafika ndi oyimbira atsopano, anyamata amene angoyamba kumene kugwira wenzulo, opanda wapolisi kapena mpanda wowatchinjiriza kwa ochemerera.

Ku Chanyanya, dera la asodzi ndi alimi m'mbali mwa mtsinje wa Kafue, mpira umatentha m'chilimwe madzi akaphwera m'madambo. Lamlungu lina masana timu ya anyamata a padoko idakumana ndi ya alimi a kumtunda. Mizere ya bwalo adaithira ndi phulusa. Onyamula mbendera anali ochemerera awiri, mmodzi ku timu iliyonse, atagwira nthambi za masamba zomwe zimakwera pokhapokha timu yawo ikapanikizika.

Woyimbira anali mnyamata wowonda, wamalaya achikasu otuwa ndi dzuwa, wotchi yapulasitiki padzanja, makadi ake odula ku katoni. Chigawo choyamba adachiyendetsa mwamantha. Wenzulo amalira mochedwa, ndipo akaimba amayamba wayang'ana kunja kwa bwalo.

Kutatsala mphindi zochepa, a padoko akutsogola 1-0, goloboyi wawo adawakha mpira wa m'mwamba. Ndi bambo wa imvi zapatalipatali, wa mapewa otambalala ndi nkhafi. Adagwa nawo chafufumimba, n'kugona kaye pamenepo, kudzuka mwaulesi, kusasa fumbi m'mawondo, kuloza uku, kuloza uko. Mnyamata uja adakweza dzanja zala zisanu zili tambalale, n'kuyamba kupinda chimodzichimodzi. Chala chomaliza chitapindika, wenzulo adalira, mkono n'kuloza kukona.

Bwalo lonse lidaphulika. Goloboyi adabwera mpira uli m'khwapa, akumutchula woyimbirayo kuti "mwana iwe" ndi kumukumbutsa kuti bambo ake amapalasa nawo bwato limodzi. Mnyamatayo adaika manja kumbuyo, n'kubwerera pang'ono, akuyankha kuti "amalume" ndi kupempha kuti alankhule ndi kaputeni yekha. Bamboyo atamuloza chala pamphuno, kadi yachikasu idatuluka m'thumba, dzanja likunjenjemera koma osabwerera. Mphunzitsi wa timuyo, yemwe adali atalowa kale m'bwalo, adangotembenuka yekha. Mwina amadziwa kuti kuyambira 2019 kadi imafika ngakhale pabenchi.

Kona idamenyedwa, wina wa kumtunda n'kuigunda ndi mutu. Masewero adatha 1-1.

Mkangano udayambira pomwepo ndipo padoko sunazirale. Akuluakulu akuti chilango cha goloboyi wochedwetsa mpira ndi firikiki, osati kona. Sakunama, koma akunena za lamulo lakale, lomwe limapereka masekondi 6 ndi firikiki yosamenya molunjika kugolo. Oyimbira ambiri padziko lonse amangolipenya lamulolo osaligwiritsa ntchito, poti firikiki ya mkati mwa bokosi imadya nthawi ndipo imaoneka chilango chachikulu kuposa mlandu wake. N'chifukwa chake opanga malamulo adaonjezera masekondi awiri, n'kusankha kona, n'kulamula kuti woyimbira aziwerenga masekondi asanu omalizira ndi dzanja poyera. Kadi pa mlandu umenewu imabwera pokhapokha goloboyi akabwerezabwereza. Ya tsikulo idali ya mwano, ngakhale ambiri adapita kwawo akuganiza kuti idali yochedwetsa mpira.

Ena a padoko akuti wakutsogolo wa kumtunda adaima pafupi n'kumutsekera goloboyi njira. Zikadakhala choncho, firikiki ikadapita kwa goloboyiyo. Koma amene tidaima kumbuyo kwa golo tidaona wosewerayo atafika kale pakati pa bwalo.

Dandaulo lolemera ndi lachitatu. M'chigawo choyamba goloboyi wa kumtunda nayenso adafumbata mpira nthawi yaitali kangapo, dzanja la woyimbira osakwera. Apa a padoko ali ndi mfundo. Pa lamulo mnyamatayo adalondola, koma lamulo lomwe lagona masewero onse n'kudzadzuka kumapeto limaoneka ngati kukondera, ngakhale mwini wenzulo alibe mbali.

Mkulu wina amene adaimbirapo mpira wa m'midzi zaka zambiri sadamudzudzule pa konayo. Chomwe adamuuza atakhala naye pambali n'chakuti nkhani zotere zimathera pakati pa bwalo mpira usanayambe. Poponya ndalama, woyimbira awauze makaputeni onse awiri kuti lero awerenga masekondi, ndipo wobwera kudzafunsa akhale kaputeni yekha. Akatero, nthawi yoyamba imene goloboyi aliyense wagwira mpira dzanja likwere, kuti anthu alione likugwira ntchito pamene palibe chowawa.

Madzulo a tsikulo akuluakulu a padoko adamutsatira mnyamatayo kukapempha kuti afufute chigolicho. Adakana mwaulemu, ndipo sakadachitira mwina, chifukwa woyimbira sangasinthe chigamulo mpira ukayambiranso, nanji masewero atatha. Ena adafunsa chifukwa chake sadangomutulutsa goloboyiyo kwa mphindi 10 kuti mtima ukhale pansi. Malamulo amalola zimenezi mu mpira wa m'madera kuyambira 2017, koma ayenera kuvomereza ndi okonza mpikisano usanayambe, osati woyimbira kuganiza yekha zinthu zitatentha.

Amalumewo akuti sanayambebe kumuyankha moni mnyamatayo akakumana pamsika wa nsomba. Matimu a kumtunda ndiwo akumulimbirana, ngakhale malipiro ake ndi timakwacha tosonkherana tomwe nthawi zina sitikwana n'komwe. Wenzulo amene amaimbira ndi wobwereka kwa aphunzitsi a ntchemberembaye, ndipo amakabweza Lolemba lililonse m'mawa ana asanalowe m'kalasi.