Galasi ndi mbale zadothi za ku China: mboni ziwiri za malonda akale

M'nyumba zambiri ku Luwani, monganso m'madera ena a boma la Neno, muli ziwiya zamitundu iwiri zimene mwana saloledwa kuzigwira wamba: matambula agalasi ndi mbale zadothi zoyera zija zotulutsira alendo. Zonse n'zosachedwa kusweka, ndipo zonse zimachokera kutali. Nyumba zosungiramo zinthu zakale nazo zimakonda kuziika m'makabati oyandikana. Komatu kwa akatswiri ofukula zinthu zakale, galasi ndi mbale yadothi ya ku China ndi mboni ziwiri zosiyana, ndipo iliyonse ili ndi pamene imalimba ndi pamene imafooka.

Kusiyanaku kumayambira pa ng'anjo. Galasi ndi mchenga wosungunulidwa pamodzi ndi laimu komanso soda kapena phulusa la zomera zina. Anthu a ku Mesopotamia ndi ku Egypt ankapanga kale ziwiya zagalasi zaka pafupifupi 3,500 zapitazo, ndipo chakumapeto kwa nyengo ya Khristu asanabadwe, amisiri a m'dera la Syria anatulukira luso louzira mpweya m'galasi lamoto kudzera m'kampope kuti lifufume n'kukhala botolo. Lusoli linafala msanga, moti galasi linkapangidwa ku Roma, ku Persia, ku India ndi ku Venice. Mbale za ku China ndi zina. Amaziumba ndi dothi loyera lotchedwa kaolin, losakaniza ndi mwala wopera, n'kuziwotcha pa moto wa madigiri pafupifupi 1,300 mpaka dothilo litalimba osalowanso madzi. Kwa zaka mazanamazana lusoli linali la anthu a ku China ndi mayiko oyandikana nawo, makamaka mumzinda wa Jingdezhen. Azungu anadzalidziwa mochedwa, ndipo fakitale yawo yoyamba inatsegulidwa ku Meissen m'dziko la Germany m'chaka cha 1710. Motero phale la mbale yotere la chaka chimenechi chisanafike limadziulula lokha kwawo, pamene galasi limafuna kulifunsa bwino.

Nanga zikakalamba zimatani? Galasi likakhalitsa m'dothi lachinyontho limayamba kufundula, kunja kwake n'kumaoneka mitundu ya utawaleza. Lilinso ndi tsoka lina: likasweka limatheka kulisungunulanso, choncho ziwiya zambiri zakale zinathera m'ng'anjo za amisiri. N'chifukwa chake chotsala chathunthu amachisamala ngati dzira. Ku British Museum mu London kuli mtsuko wa Aroma wotchedwa Portland Vase, wa galasi la buluu woderako, wokhala ndi zithunzi zoyera zosema pamwamba pake. M'chaka cha 1845 munthu wina woledzera anauphwanya, ndipo akatswiri akhala akuumatanso kangapo kuchokera nthawi imeneyo. Mbale yadothi imaswekanso, koma siwola, sifundula, ndipo palibe angaisungunule. Phale lake limatuluka m'nthaka maluwa ake akuonekabe. M'nyumba yomweyo ya mu London muli mitsuko iwiri ya ku China yotchedwa David Vases, yoyera, yojambulidwa zinjoka za buluu, ndipo zogwirira zake n'zooneka ngati mitu ya njovu. Pakhosi pake analembapo mawu osonyeza chaka chofanana ndi 1351. Akatswiri amayerekeza mapale ena ndi mitsuko imeneyi pofuna kudziwa zaka zake.

Kuno kwathu zonse ziwiri zinafika kudzera m'malonda a pa nyanja ya Indian Ocean, koma sizinafike mofanana. M'mizinda ya m'mbali mwa nyanjayo, monga Kilwa ndi Gedi, mbale za ku China zinalipo zambiri, ndipo Aswahili ankazimata m'makoma a mizikiti ndi pa manda a anthu olemekezeka. Kumtunda kuno katundu ankayenda pamutu, ulendo wa masabata ambiri m'mapiri ndi m'madambo. Botolo kapena chikho chagalasi sichikanapirira ulendo wotere, motero galasi linabwera makamaka ngati mikanda. Mikanda siisweka wamba, siilemera, ndipo wamalonda amatha kuigawa pang'onopang'ono pogula chakudya kapena polipira wowolotsa pamtsinje. Mbale zadothi zinkafika zowerengeka, n'kuthera kwa mafumu. Ku Great Zimbabwe kunapezeka mapale a mbale za ku China ndi za ku Persia, ndipo ku Ingombe Ilede m'dziko la Zambia, kumene manda akale anatulukira m'chaka cha 1960, kunapezeka mikanda yagalasi yochuluka pamodzi ndi golide ndi mkuwa.

Umboni wa kwathu weniweni uli ku Mankhamba, pafupi ndi Mtakataka m'boma la Dedza, kumene kunali likulu la Kalonga. Katswiri wa zofukula Yusuf Juwayeyi anakumba pamalopa n'kupeza mikanda yagalasi yochokera ku Asia ndi ku Ulaya, mapale a mbale za ku China za m'zaka za m'ma 1500, zinthu zamkuwa komanso zibangili za minyanga ya njovu. Dera la Neno silili kutali ndi nkhaniyi. M'chaka cha 1616 Mpwitikizi wina, Gaspar Bocarro, anayenda kuchokera ku Tete mpaka ku Kilwa, ndipo panjira analandiridwa ndi mfumu Muzura. Akatswiri ena a mbiri amati mudzi wa Muzura unali m'chigawo cha Mwanza ndi Neno. Ubale wa derali ndi Tete sunathe: ambiri mwa anthu othawa nkhondo ya ku Mozambique amene anasungidwa pa kampu ya Luwani, imene inatsekedwa mu 2007 n'kutsegulidwanso mu 2016, ankachokera mbali yomweyo.

Tsono mboni yodalirika ndi iti? Pa nkhani ya zaka, mbale yadothi ndiyo ili patsogolo. Maluwa ojambulidwa pa mbalezi ankasintha malinga ndi nyengo, choncho katswiri akaona kaphale kakang'ono amatha kunena nyengo imene kanawotchedwa. Vuto n'lakuti mbale yamtengo wapatali inkasungidwa mibadwo ingapo isanasweke, motero chaka chimene inapangidwa si chaka chimene inatayidwa. Komanso imangotiuza za kubwalo la mfumu. Mkanda sunena zaka msanga. Pamafunika kuupima ndi makina kuti adziwe mtundu wa mchenga ndi soda zimene zinalowamo, ndipo apo m'pamene amasiyanitsa wa ku India ndi wa ku Venice. Kuchepa kwake nakonso kumavutitsa: wofukula akapanda kusefa dothi, mikanda imapita ndi zinyalala, ndipo chiswe ndi mbewa zimatha kuisuntha n'kuisiya pamene sinali. Koma mikanda inalowa m'midzi yambiri, inavalidwa m'khosi ndi m'chiuno, inaikidwa m'manda pamodzi ndi eni ake. Ikaunjikidwa pamodzi imaonetsa mmene malonda anafalikira, chinthu chimene mapale awiri kapena atatu a ku China sangachite.

Mboni ziwirizi sizingaime popanda yachitatu, imene ndi phale la mbiya youmbidwa konkuno. Mitundu ya mbiya yotchedwa Nkope, Kapeni ndi Mawudzu, imene inatenga mayina a malo a m'Malawi muno, ndiyo imaonetsa amene ankakhala pamalopo ndi mmene ankaphikira. Mkanda ndi mbale ya ku China zimangowonjezera kuti anthuwo ankagulana ndi yani.

Poyerekeza zonsezi, mbale yadothi imathandiza kudziwa nthawi, ndipo galasi limathandiza kudziwa kukula kwa malonda. Koma zonse zimataya phindu zikachotsedwa pamalo popanda kulemba pamene zinali, kuya kwake ndi zimene zinali nazo pafupi. Mkanda wa m'thumba la munthu ndi mkanda basi. Choncho inu a ku Luwani, a ku Lisungwi ndi a m'madera ozungulira, khasu lanu likatukula mikanda yakale, mapale oyera amaluwa a buluu kapena mbiya zokwiririka polima kapena poumba njerwa, musapitirize kukumba, ndipo musagulitse. Dziwitsani amfumu, kuti uthenga ukafike ku nthambi ya boma yoona za zinthu zakale, imene imayang'aniranso nyumba yosungiramo zinthuzi ku Chichiri mu Blantyre.