Imvi zavuta mu Lilongwe, koma hina weniweni ndi uti?

Imvi masiku ano sizikudikira zidzukulu. Amayi ogulitsa kaunjika ku Tsoka akuzipeza pachipumi ana adakali ku pulayimale. Mabwana a ku Capital Hill nawonso safuna kuti anyamata a muofesi aziwawerengera masiku opumira pantchito pongoyang'ana kumutu. Onsewa amakakumana ku Old Town, m'mashopu a amwenye ku Area 2 ndi pamabenchi a ku Malangalanga, aliyense akufunsa hina.

Pagona nkhani ndi apa: mapaketi olembedwa henna ndi ambirimbiri, koma zam'katimo n'zosiyana ngati mchere ndi shuga.

Hina weniweni ndi masamba owumitsa ndi kusinja a chitsamba chotchedwa Lawsonia inermis. Wambiri amalimidwa ku India, makamaka ku Sojat m'chigawo cha Rajasthan. Ufa wake ndi wobiriwira, fungo ngati la mfutso. Ndipo hina sadetsa tsitsi, ayi ndithu. Pa imvi amafiiritsa ngati dothi la katondo. Amene mudaonapo madoda a ndevu zofiira akutuluka mumzikiti Lachisanu, ntchito ya hina payekha ndi imeneyo.

Wofuna tsitsi lakuda amawonjezera indigo, ufa wa masamba ena amene kale ankadayira nsalu kuti zikhale zabuluu. Indigo payekha pa imvi amatulutsa kamtundu kobiriwira koti munthu sangayende nako m'tauni wopanda duku. N'chifukwa chake ntchitoyi imagawidwa pawiri. Poyamba phala la hina, lomwe limafuna kukhala maola angapo musanalipake, ndi maola ena awiri kapena kupitirira lili kumutu, mutavala jumbo. Mukatsuka, mukande indigo n'kupaka nthawi yomweyo chifukwa akakhalitsa mphamvu imatha. Kufiira ndi buluu zikakumana ndiye kuda kuja. Tsiku lonse lapita, malonda osachita. Kuona maso a nkhono n'kudekha, koma wogulitsa tomato angadekhe mpaka liti?

Tsono vuto lenileni limabwera ndi kubwereza. Tsitsi limakula pafupifupi sentimita imodzi pamwezi, ndiye pakatha milungu itatu kapena inayi kamzere koyera kamatulukira kunsi, pomwe tsitsi limamera. Ambiri akaona choncho amapaka mutu wonse kachiwiri, kachitatu, mwezi ndi mwezi. Utoto wa masambawa sufufutika ngati choko. Umakanirira m'tsitsi, ndipo watsopano umangosanjikana pa wakale. Pakutha pa chaka kunsonga kwada bii ngati makala, kwauma, pamene kunsi kukufiirira chifukwa pa imvi zatsopano indigo amasuluka msanga. Mutu umodzi mitundu iwiri. Odziwa amapaka mutu wonse kawiri kapena katatu koyambirira basi, kenako amangotsata pomwe pamera imvi. Ufa umapulumuka, tsitsi nalonso.

Ndipo amene akuyamba adziwiretu kuti indigo ndi ukwati wopanda chisudzulo. Mukadzatopa naye n'kupita ku saluni zodula za ku Area 47 kapena City Centre kuti akuyeretseni ndi bulichi, kawirikawiri tsitsi limasanduka lobiriwira. Chochotsa indigo wosanjikana ndi lumo basi.

Nanga timapaketi tija timati black henna, todetsa mutu theka la ola lisanathe? Chikomekome cha mkuyu, abale. Tsamba la hina lakuda kulibe padziko pano. Chimene chimadetsa msangamsanga nthawi zambiri ndi mankhwala otchedwa PPD. Mankhwalawa alimonso m'madayi ambiri a m'mabokosi, ndipo mayiko a European Union amalola osapitirira 2 peresenti dayi akasakanizidwa. Koma m'paketi yosalemba zam'kati, kapena ufa wopungulira m'timapepala kuti ugulidwe pang'onopang'ono, angadziwe mlingo wake ndani?

Kuipa kwa PPD n'koti sakuluma tsiku loyamba. Munthu angapake kangapo osamva kanthu, thupi likungosunga mangawa. Tsiku lina kumutu kumayamba kuyabwa, matuza kuseri kwa makutu, zikope kutupa mpaka maso kutsekeka. Thupi likadana naye ndi mpaka kalekale, ndipo dayi aliyense wokhala ndi PPD amadzutsa matendawo. Ufa wina amathiramonso michere ya zitsulo, yomwe ikakumana ndi mankhwala a kusaluni tsitsi limathothoka ngati udzu wa mu Okutobala.

Inu ogulitsa nkhaniyi ikukukhudzani kawiri, poti ambiri mumagulitsa komanso mumapaka. Kasitomala akatupa nkhope sapita ku India kukadandaula. Amabwera pa benchi panu, msika wonse ukuonerera. Kuyesa sikufuna ndalama: kandani ufa pang'ono ndi madzi, muike papepala loyera. Hina weniweni amasiya banga lofiirira pang'onopang'ono. Ukada m'mphindi zochepa, uwo si hina. Wogula muuzeni ayambe wadzola pang'ono kuseri kwa khutu n'kudikira maola 48, ndipo asachite ulesi poti mwezi watha zidayenda bwino. Nkhope ikatupa kapena mpweya ukayamba kubanika, mafuta odzola sangathandize. Thamangani naye ku Bwaila kapena ku Kamuzu Central, paketi yake ili m'manja kuti adokotala aione.

Makanda okha musawapake hina ngakhale weniweniyo. Ana ena amabadwa ndi vuto la m'magazi lotchedwa G6PD, ndipo hina akhoza kuwaphwanyira magazi makolo asakudziwa kuti mwana ali nalo.