Mulu wa notsi m'kamakina kam'manja

Amene anakhalapo m'kalasi momwe muli mwana wosaona sangaiwale phokoso la makina a Perkins: kho! kho! kho! kenako kabelu n'kulira mzere ukatsala pang'ono kutha. Makinawa anayamba kupangidwa ku America mu 1951, amalemera pafupifupi makilogalamu 5, ndipo mpaka lero ndiwo cholembera cha ana ambiri osaona m'dziko muno, kaya ku Ekwendeni kufupi ndi Mzuzu, ku Chilanga m'boma la Kasungu kapena ku Lulwe ku Nsanje.

Perkins ndi makina olimba, safuna magetsi. Mavuto amayamba ntchito ikalembedwa. Pepala la braille ndi lokhuthala, ndipo zimene zimakwana patsamba limodzi la zilembo wamba zimadya masamba awiri kapena atatu. Pofika kumapeto kwa teremu notsi zimakhala mulu, ndipo kuti mwana apeze phunziro la mwezi watha ayenera kupapasa tsamba ndi tsamba. Timadontho tikapsinjika m'chikwama, kapena tikanyowa ndi mvula ya ku Mzuzu ija yosadziwa kukata, timafafanizika. Kuwonjezera apo pali kudikira. Mphunzitsi wosadziwa braille sangachonge ntchitoyo mpaka mnzake waluso ailembe ndi bolopeni pamwamba pa timadontho, mzere ndi mzere.

Mavuto amenewa ndiwo akuchepa ndi makina amagetsi olembera braille. Amene afika m'manja mwa ana ena a ku Malawi ndi Orbit Reader 20, omwe bungwe la Kilimanjaro Blind Trust Africa la ku Nairobi lakhala likugawa m'maiko angapo a mu Africa. Ndi kachipangizo konyamulika ndi dzanja limodzi. Kali ndi mabatani olembera onga a Perkins, ndipo kumunsi kwake kuli mzere wa malo a zilembo 20, momwe timapini timatuluka ndi kulowa. Chala chikafika kumapeto, mwana amadina batani, timapini n'kusanjika mwatsopano.

Zolemba zonse zimasungidwa pa memori khadi. Tiyerekeze mtsikana wa Fomu 3 wokhala ku Katawa mumzinda wa Mzuzu. Akhoza kutsegula foda ya Biology, ina ya Chichewa, ina ya nyimbo za kwaya, poti ku Katawa, kwawo kwa Katawa Singers, kuimba si nkhani yachilendo. Fayilo iliyonse amaipatsa dzina lake. Akhoza kuikopera, kuisamutsa, kuifufuta, kapena kulemba liwu limodzi kuti makina amufikitse pomwe liwulo lili. Akalakwitsa safinyanso kadontho ndi chikhadabo. Amangofufuta chilembocho n'kuika china. Izi zingaoneke zazing'ono kwa munthu woona, koma kwa mwana amene wakhala akupempha ena kuti amufunire pepala, ndi ufulu waukulu.

Palinso nkhani yoona chikalata chisanaperekedwe. Mzere wa braille umaonetsa mawu ochepa panthawi imodzi, choncho wolemba sadziwa msanga ngati mutu wakhala pakati pa tsamba, kapena ngati ndime zasiyanitsidwa bwino. Makina a BrailleNote Touch, omwe kampani ya HumanWare ya ku Canada inatulutsa mu 2016, ali ndi pulogalamu yolembera yotchedwa KeyWord. Mwana amalemba mu braille, koma pulogalamuyo imasunga ntchitoyo ngati chikalata cha Word, ndipo imatha kuonetsa pa sikirini momwe tsambalo lidzaonekere likasindikizidwa. Mphunzitsi kapena kholo amawerenga pompo, popanda womasulira. Chopinga ndi mtengo: makina oterewa amagulidwa madola masauzande angapo, pomwe Orbit ndi mazana angapo.

Komabe makina opanda mabuku mkati ndi nkhokwe yopanda chimanga. Malawi analowa m'pangano la Marrakesh mu 2017, pangano la mu 2013 lolola kuti mabuku asandutsidwe braille kapena mawu omvera, ndi kugawana pakati pa maiko, popanda kuyamba wapempha chilolezo kwa eni ake. Njira yalamulo ilipo. Chofunika tsopano ndi mafayilo enieniwo, m'Chingerezi, m'Chichewa ndi m'Chitumbuka, komanso aphunzitsi odziwa kuwaika pa khadi ndi amisiri okonza timapini tikauma ndi fumbi. Koleji ya Montfort ku Nguludi m'boma la Chiradzulu, yomwe imaphunzitsa aphunzitsi a ana olumala, ndiyo malo oyenera kuyambira ntchito imeneyi.

A Unduna wa Zamaphunziro ndi osindikiza mabuku, buku lililonse la sukulu likamatuluka, fayilo yake ya braille ituluke tsiku lomwelo.