Ululu wa m'mphechepeche mwa othamanga: kupuma kokha sikuchiritsa

JOHANNESBURG - Chaka ndi chaka, miyezi ya Januwale mpaka Meyi imakhala ya ntchito yakalavulagaga kwa anthu zikwizikwi okonzekera mpikisano wa Comrades Marathon, umene unayamba m'chaka cha 1921 ndipo umachitika pakati pa mizinda ya Durban ndi Pietermaritzburg, mtunda wa makilomita pafupifupi 90. M'nyengo imeneyi othamanga a m'maiko ambiri a m'chigawo chino amaonjezera mtunda mofulumira, ndipo ena mwa iwo amayamba kumva ululu m'mphechepeche, pamene ntchafu imakumana ndi mimba.

Ululuwu umayamba mwakachetechete. Poyamba umamveka munthu akamaliza kuthamanga kapena podzuka m'mawa, thupi likatentha nkuzimiririka. Pakapita milungu umamvekanso pokwera minibasi, potembenuka pogona, ngakhale poyetsemula. Poti malowa ndi obisika, ambiri amachita manyazi kupita kuchipatala. Amagula mankhwala opha ululu nkupuma milungu iwiri, koma akangoyambiranso kuthamanga ululu uja umabwerera. Ena amataya chaka chathunthu mwa njira imeneyi.

Malo amodzi, magwero ambiri

Chimene chimasokoneza odwala ndi madokotala omwe nchakuti pamalo aang'ono amenewa pamakumana zinthu zambiri: minofu ya m'kati mwa ntchafu, minofu ya pamimba, mafupa awiri a pachinena, mfundo ya chiuno ndi mitsempha. Kwa zaka zambiri vuto limodzi linkatchedwa maina osiyanasiyana. M'chaka cha 1980 dokotala wa opareshoni wa ku London, Jerry Gilmore, anafotokoza za kung'ambika kwa minofu ya m'munsi mwa mimba mwa osewera mpira, ndipo vutolo linatenga dzina lake. Ena ankalitcha hernia ya ochita masewera, ngakhale kuti kawirikawiri sipakhala chotupa chilichonse.

Pofuna kuthetsa chisokonezochi, akatswiri 24 ochokera m'maiko 14 anakumana ku Doha m'dziko la Qatar mu Novembala 2014, ndipo zimene anagwirizana zinafalitsidwa m'chaka cha 2015. Iwo anagawa ululuwu m'magulu anayi potengera malo amene ukuchokera.

Gulu loyamba, lomwe limapezeka kwambiri, ndi la minofu ya adductor, imene imakokera mwendo m'kati. Ululu wake umamveka dokotala akadina pamene minofuyo yagwira fupa, ndiponso wodwala akapana chibakera cha dokotala ndi mawondo. Lachiwiri ndi la mnofu wa iliopsoas, umene umakweza bondo pothamanga. Lachitatu ndi la m'munsi mwa mimba, ndipo ululu wake umakula pokhosomola, poyetsemula kapena podzuka munthu atagona chagada. Lachinayi ndi la pachinena penipeni, pamene mafupa awiri amalumikizana. Padera pa magulu amenewa pali ululu wochokera m'mfundo ya chiuno, ndi wochokera ku matenda ena. Munthu mmodzi angathe kukhala ndi mavuto awiri nthawi imodzi.

Phindu la mgwirizano wa ku Doha ku chigawo chino nlakuti magulu anayiwa amadziwika ndi mafunso komanso manja a dokotala kapena katswiri wa mafizo. Makina a MRI amapezeka m'zipatala zochepa za m'mizinda ikuluikulu ndipo mtengo wake ndi wokwera. Kuonjezera apo, MRI imaonetsa kusintha kwa fupa la pachinena ngakhale mwa ochita masewera amene sakumva ululu uliwonse, kotero kuti chithunzi pachokha chingathe kusocheretsa.

Zoopsa zofunika kuziona msanga

Pali vuto limodzi limene wothamanga mtunda wautali sayenera kulizengereza: mng'alu wa pakhosi pa fupa la ntchafu, pafupi ndi pamene fupalo limalowa m'chiuno. Mng'aluwu umadza chifukwa chopondaponda kwa nthawi yaitali fupa lisanapeze mpata wodzikonza. Umagwira kwambiri amene aonjezera mtunda mwadzidzidzi, amene sadya mokwanira poyerekeza ndi mphamvu zimene akugwiritsa ntchito, komanso amayi othamanga amene asiya kusamba mosadziwika bwino. Zizindikiro zake ndi ululu wa m'kati umene umakula pamene munthu akuthamanga, kutsimphina, kuwawa kwa usiku, ndi kulephera kudumpha ndi mwendo umodzi.

M'milungu yoyambirira X-ray nthawi zambiri sionetsa kanthu, ndipo apa mpamene MRI imafunikadi. Mng'alu ukakhala kunsi kwa khosi la fupa, wodwala amayendera ndodo kwa milungu ingapo. Ukakhala pamwamba, madokotala kawirikawiri amachita opareshoni yomanga fupalo ndi zitsulo. Munthu akapitiriza kuthamanga, fupa lingathe kuthyokeratu ndi kudula magazi opita kumutu kwake, zimene zimaononga chiuno kwa moyo wonse.

M'maiko athu dokotala amaganiziranso matenda ena. Chifuwa chachikulu chikagwira msana chingathe kupanga mafinya amene amatsika ndi mnofu wa iliopsoas mpaka m'mphechepeche, ndipo chimagwiranso mfundo ya chiuno. Kufa kwa mutu wa fupa la ntchafu kumachitika kwambiri mwa anthu amene ali ndi HIV kapena nthenda ya sickle cell. Mwanabere, hernia yeniyeni, matenda a njira ya mkodzo ndi a ziwalo zoberekera amawawanso pamalo omwewa. Nchifukwa chake kutentha thupi, kuonda, thukuta la usiku kapena chotupa chooneka siziyenera kubisidwa kwa dokotala.

Mankhwala ake ndi mphamvu

Zoopsazi zikapanda kupezeka, funso limakhala la chithandizo. Kafukufuku amene anasintha maganizo a madokotala anachitika ku Denmark motsogozedwa ndi Per Hölmich, ndipo anafalitsidwa m'magazini ya Lancet m'chaka cha 1999. Ochita masewera 68 amene anavutika ndi minofu ya adductor kwa miyezi yambiri anagawidwa pawiri. Gulu lina linkasisitidwa, kuwongoledwa minofu ndi kuthandizidwa ndi makina amagetsi. Gulu linalo linkachita masewera olimbitsa minofu ya m'ntchafu, pamimba ndi m'chiuno kwa milungu 8 mpaka 12. Mwa olimbitsa minofu, anthu 23 anabwerera kumasewera opanda ululu, pamene m'gulu losisitidwa munabwerera 4 okha.

Tanthauzo lake nloti kupuma kumaziziritsa ululu koma kumasiya mnofu uli wofooka kuposa kale. Mnofu umachira ukamapatsidwa ntchito pang'onopang'ono. Wodwala amayamba ndi kupana mpira pakati pa mawondo, kenaka kukoka lamba wa mphira ndi mwendo, kuima ndi mwendo umodzi, mpaka kufika pa masewera ovutirapo. Amodzi mwa masewera ovutirapowo amatchedwa Copenhagen: munthu amagona cham'mbali atatsamira chigongono, mnzake nkugwira mwendo wapamwamba, iye nkumakweza thupi ndi mwendo wapansi. Kafukufuku wa matimu 35 a mpira ku Norway, wofalitsidwa m'chaka cha 2019, anapeza kuti masewerawa anachepetsa mavuto a m'mphechepeche ndi 41 peresenti. Safuna chipangizo chodula, koma ndi bwino kuwaphunzira kwa katswiri wa mafizo.

Jakisoni wa steroid amatonthoza ululu kwa kanthawi koma salimbitsa mnofu. Mankhwala monga ibuprofen ndi diclofenac amabisa chenjezo la thupi, ndipo kuwamwa pa mpikisano wautali kungathe kuononga impso. Opareshoni imaganiziridwa makamaka pa ululu wa m'munsi mwa mimba kapena wa m'mfundo ya chiuno, masewera olimbitsa minofu akalephera kwa miyezi ingapo.

Kubwerera pamsewu

Kuchira kumatenga miyezi. M'kafukufuku wa ku Denmark uja, ambiri anabwerera kumasewera patapita miyezi inayi kapena isanu. Wothamanga amayamba ndi kuyenda ndawala, kenaka kusinthanitsa kuyenda ndi kuthamanga pamalo athyathyathya, ndipo zitunda ndi liwiro zimadza kumapeto. Muyeso wake ndi m'mawa wotsatira: ululu ukakula, ndiye kuti dzulo anapyola malire.

Amene anavulalapo kale ndiye ali pachiopsezo chachikulu chovulalanso, choncho masewera olimbitsa minofu sasiyidwa ululu ukatha. Akuluakulu anati m'mphechepeche mwa njovu sapitamo kawiri.

Wothamanga amene ululu wake wapitirira milungu iwiri kapena itatu apite kuchipatala atakonzekera kufotokoza zinthu zinayi: malo enieni owawa, nthawi imene ululu unayamba, makilomita amene amathamanga pa mlungu ndi mmene anawaonjezerera, komanso zochita zimene zimaukulitsa. Amene akutsimphina kapena kulephera kudumpha ndi mwendo umodzi asiye kuthamanga tsiku lomwelo, mpaka dokotala atatsimikiza kuti fupa lili bwino.