Kuyenda pa Chilumba cha Stora Karlsö: Mafunso ndi Mayankho

Funso: Kodi Stora Karlsö ili kuti, ndipo munthu amafikako bwanji?

Yankho: Ndi kachilumba ka m'nyanja ya Baltic m'dziko la Sweden, pamtunda wa makilomita 6 ndi pang'ono kumadzulo kwa chilumba chachikulu cha Gotland. Mumakwera boti padoko la Klintehamn, ndipo pakatha mphindi ngati 30 mumatsikira pa Norderhamn. Alendo amapitako kuyambira Meyi mpaka Ogasiti.

Funso: Nanga munthu avale chiyani?

Yankho: Nsapato zolimba ndi juzi, chifukwa pansi ndi miyala ndipo mphepo ya panyanja siiona nkhope.

Funso: N'chiyani kwenikweni chimene chimakokera anthu kumeneko?

Yankho: Ena adzakuuzani za maluwa, ndipo sanama, poti mu Meyi pamwamba pa chilumbachi pamachita kuwala ndi maluwa a mtundu wa orchid. Koma ine ndimati mbalame, makamaka imene eni dziko amaitcha sillgrissla. Ndi yakuda kumsana, yoyera pamimba, ndipo ikatera imaima njoo ngati munthu. Moyo wake wonse uli pamadzi. Kumtunda imangobwerera kuswa. Mukamayandikira matanthwe a kumadzulo, kufupi ndi nsanja younikira zombo imene inamangidwa mu 1887, mumayamba mwamva fungo la zitosi, kenako phokoso, kenako ndiye mumaziona zitathinana pa timakwerero ta thanthwe, phiko kukhudzana ndi phiko. Chisa sizimanga. Yaikazi imaikira dzira limodzi lokha pamwala weniweni, dzira losongoka mbali imodzi, ndipo makolo awiriwo amafungatira mosinthana. Imani pamenepo kwa theka la ola. Mudzaona kholo likutera ndi kansomba kamodzi kukamwa, kofanana msinkhu ndi usipa waukulu, n'kudutsa pakati pa anzake mazanamazana mpaka kukapeza mwana wake osaphonya.

Funso: Ndiye kuti ndi mapengwini?

Yankho: Ayi. Sillgrissla imauluka, ndipo ku Baltic kulibe pengwini.

Funso: Tinamva kuti anapiye ake amagwa kuchokera pathanthwe. Si zomvetsa chisoni zimenezo?

Yankho: Mawu akuti "amagwa" amandivuta kwambiri, chifukwa amasandutsa ngozi chinthu chimene si ngozi. Anapiye sagwa, amadumpha. Mwanapiye akakwanitsa masabata pafupifupi 3, mapiko ake amakhala asanakhwime, koma nthawi yochoka pathanthwe imakhala itakwana. Zimachitika chakumapeto kwa Juni ndi kumayambiriro kwa Julaye, madzulo kukamachita chisisira, chimene kumeneko chimabwera cha m'ma 10 koloko usiku. Bambo ndi amene amatsika n'kumaitana ali pansi. Kamwana kamayenda uku ndi uku m'mphepete mwa thanthwe, kakulira mokweza, kamabwerera m'mbuyo, kamasuziranso, kenako n'kudziponya, nthawi zina kuchokera pamtunda wa mamita 30 kapena kuposa. Ambiri amafikira pamiyala ya pagombe. Mumagwira mtima poganiza kuti kafa, koma thupi lake ndi lopepuka ndi lofewa; kamanjanja, n'kudzuka, n'kuyamba ulendo wa kumadzi kumene bambo akuitana. Awiriwo amazindikirana ndi mawu pakati pa chiphokoso chonsecho. Akakumana amasambira limodzi kulowera pakati pa nyanja, ndipo bamboyo amadyetsa mwanayo kwa masabata angapo mpaka atadziwa kudzigwirira nsomba. Anapiye ena amatoledwa panjira ndi akhwangwala ndi mbalame zina zolusa, zimenezo n'zoona. Koma kudumphako ndi njira imene mtundu wonse umakulira. Akatswiri amadikira pagombe pomwepo n'kumaveka anapiye mphete kumwendo, ntchito imene inayamba pachilumbachi mu 1913. Mphetezo n'zimene zinaonetsa kuti mbalameyi imatha kukhala ndi moyo zaka zoposa 30.

Funso: Poti ku Sweden munthu ali ndi ufulu woyenda paliponse m'tchire, ndiye kuti ndingatsetserekere kugombe kukaonera pafupi?

Yankho: Ufulu umenewo ulipodi, amautcha allemansrätten, ndipo unalembedwa m'malamulo aakulu a dzikolo mu 1994. Koma malo otetezedwa amakhala ndi malamulo akeake amene amauchepetsa. Pa Stora Karlsö mbali zina za gombe zimatsekedwa nyengo yoswa, maluwa sathyoledwa, ndipo miyala yokhala ndi zidindo za zamoyo zakale siitoledwa. Yendani m'njira zoikidwa, mverani wokutsogolerani.

Funso: Miyala imeneyo ili ndi chiyani?

Yankho: Chilumba chonsechi ndi thanthwe la laimu lopangidwa ndi zamoyo za pansi pa nyanja yofunda zaka zoposa 400 miliyoni zapitazo. Mukawerama pagombe mumaona zooneka ngati zisa za njuchi ndi timikanda tosanjikizana, zonse zitauma n'kukhala mwala. Mwala wofiirira wa pano ankausema kalekale n'kukamangira matchalitchi a ku Gotland. Ndipo musachoke osalowa m'phanga la Stora Förvar, pafupi ndi pamene boti limakocheza. Alenje a nyama za m'nyanja ankakhalamo zaka pafupifupi 9,000 zapitazo, ndipo ofukula zakale atakumbamo chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800 anapeza mafupa ndi zipangizo zitaunjikana mamita angapo kuya kwake. Pamwamba pa chilumba palinso mulu wa miyala wa manda akale, ndipo pakati pake panamera mtengo umene katswiri wa zomera Carl von Linné anauona atafika mu 1741. Mpaka lero anthu amautcha mtengo wa Linné.

Funso: Kodi sizikanakhala bwino kuletsa alendo onse kuti mbalame zikhale pamtendere?

Yankho: Limeneli ndimalimva kawirikawiri kwa anthu a mtima wabwino, ndipo mbiri ya chilumbachi imalitsutsa kawiri konse. Pofika 1880 sillgrissla zinali zitatsala pang'ono kutha chifukwa chowomberedwa ndi kutoleredwa mazira. Sizinapulumuke chifukwa anthu anachoka, koma chifukwa munthu wina, Willy Wöhler, anayambitsa bungwe m'chaka chimenecho limene linagula malo pachilumbachi n'kuyamba kuzilondera. N'chifukwa chake Stora Karlsö imawerengedwa pakati pa malo oyamba kutetezedwa padziko lonse, ngakhale kuti boma linaiika m'gulu la malo otetezedwa mwalamulo mu 1970. Lero mbalamezi zilipo masauzande ambirimbiri.

Kachiwiri ndi 2020. Chifukwa cha mliri wa COVID-19 alendo sanabwere, ndipo chilumba chinangoti zii. Amene anadzaza malowo ndi ziwombankhanga za m'nyanja, abale ake a nkhwazi yathu, zimene zimaopa anthu. Zinachuluka kangapo kuposa zaka zina. Sikuti zinkadya sillgrissla zambiri ayi. Zinkangodutsa pafupi ndi thanthwe, mbalame zonse n'kubalalika ndi mantha, mazira n'kutsala pamtunda, ena kugubuduka, ena kudyedwa ndi akhwangwala. Jonas Hentati-Sundberg ndi anzake, amene amafufuza mbalamezi, anapeza kuti anapiye anachepa ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 4. Choncho mlendo woima mwakachetechete kuseri kwa mpanda amakhala akulondera mazira osadziwa. Wowononga ndi amene wadumpha mpandawo.

Funso: Tsiku limodzi n'lokwanira?

Yankho: Poyenda n'lokwanira, poti chilumbachi n'chaching'ono. Koma boti la masana limabwerera anapiye asanayambe kudumpha. Ngati mukufuna kuona zimenezo, sungitsani malo ogona pachilumba pomwepo nthawi ikadalipo, ndipo mupite kumapeto kwa Juni.