Tizisonga takuda pa thalauza lanu: chidziweni bwino chisoso

Mukadutsa kanjira kachidule m'mphepete mwa minda ya tiyi ku Chitakale, kapena mukamatsika phiri cha ku Likhubula mvula itangosiya, tayang'anani kumapazi. Masokosi, zingwe za nsapato ndi m'munsi mwa chitenje zimakhala zadzaza tizisonga takuda. Ambirife timangothothola n'kutaya pakhomo pomwepo, osadziwa kuti tafesa tchire.

Tizisongato ndi njere za chisoso, ena amati kanzota, chomera chomwe akatswiri amachitcha Bidens pilosa. Kwawo kwenikweni n'ku America, koma chinayenda dziko lonse mwa njira yomweyi: kukwera ulere pa zovala za anthu ndi ubweya wa ziweto.

Ndiye mungazidziwe bwanji? Ikani kanjere kamodzi pa pepala loyera, mukajambule ndi foni, kenako mukulitse chithunzicho. Muona kuti n'kakuda, kowonda ngati singano, kotalika pafupifupi sentimita imodzi, ndipo kali ndi timizere m'litali mwake. Kumutu kwake kuli timinga tiwiri, titatu kapena tinayi. Pa kaminga kalikonse pali timano tating'onoting'ono toloza kumbuyo ngati mbedza. N'chifukwa chake kulowa m'nsalu sikuvuta, koma kutuluka ndiye nkhondo.

Ngati zomwe zakumatani n'zaphwatalala, zoduka mfundomfundo komanso zaubweya, chimenecho si chisoso. Kawirikawiri amakhala makoko a desmodium, chomera cha m'gulu la nyemba. Chitedze nacho n'china: ubweya wa makoko ake umayabwa koopsa, pomwe chisoso chimangobaya pang'ono basi.

Mukakayikabe, pitani pa chomera chenichenicho. Tsinde la chisoso lili ndi ngodya zinayi, tsamba limagawika patatu kapena pasanu ndipo m'mbali mwake muli manomano ngati sowo. Duwa lake n'lachikasu pakati, nthawi zambiri lozunguliridwa ndi timasamba toyera.

Nkhani ili apa ndi yakuti chomera chimodzi chimabereka njere zikwizikwi, ndipo ku Mulanje, komwe chinyontho sichisowa, zimamera msanga. Mukachilekerera m'munda wa chimanga ndi nandolo, chimalimbirana chakudya ndi mbewu, ndipo chaka chamawa khasu lidzakuwawani. Mankhwala ake ndi kupalira chisanachite maluwa. Njere zomwe mwathothola pa zovala ziponyeni pamoto, osati padzala kapena pamulu wa manyowa.

Komatu musachide kwambiri. Nsonga zanthete za chisoso ndi ndiwo zomwe agogo athu akhala akudalira, zothira tomato ndi nsinjiro, ndipo zotsala amafutsa kuti zidzathandize m'chilimwe. Chachikulu n'kutchola chisanachite maluwa, chifukwa masamba okhwima amawawa. Pewaninso kutchola m'mbali mwa msewu kapena pomwe mukukayika kuti anapopera mankhwala opha udzu.

Nzeru ya timbedza totere inalemeretsapo munthu. M'chaka cha 1941, injiniya wa ku Switzerland, George de Mestral, anaunika njere za chomera china zomwe zinamata pa zovala zake ndi pa galu wake. Zomwe anaona zinabala Velcro, kachomatira kaja kamalira kuti "tswee" pa nsapato za ana ndi pa zikwama.

Tsono mawa mukafika kunyumba thalauza lili bii ndi njere, khalani pansi, muthothole bwinobwino, muponye pamoto. Ndiwozo mukatchole komwe zinamera kale.