Musanaitanitse marimu kunja, werengani manambala

Marimu okongola omwe amagulitsidwa pa intaneti kuchokera ku Japan kapena Dubai sakwana pa galimoto iliyonse, ndipo akafika mutalipira kale msonkho, kuwabweza n'kovuta.

Yambani ndi mabowo a mabawuti. Toyota Vitz zambiri zimafuna 4x100, kutanthauza mabowo anayi pamzere wozungulira wa mamilimita 100 pakati pake.

Tayala nalonso ligwirizane ndi rimu. Pa 175/65 R14, mulifupi mwa tayala ndi mamilimita 175, msinkhu wa m'mbali mwake ndi maperesenti 65 a mulifupimo, ndipo rimu ndi ya mainchesi 14.

Mukakuza rimu, sankhani tayala lalifupi m'mbali kuti lisamakhule bodi. Komabe tayala lotere silichedwa kuphulika likagwera m'maenje a pamsewu.